Jekete la a Meya Hirayasu

"Tsitsani makina oziziritsa aja, Mayi Kurahashi. Pang'ono pokha, palibe aone."

Anandinong'oneza choncho bwana wanga, a Tsuchikura, thukuta likudontha kunsonga kwa mphuno n'kumagwera pa tayi. Ine ndinali nditaima kukhoma, nditanyamula jagi ya tiyi wozizira wa balere. Ndinawalozera ndi mlomo mtolankhani amene anakhala kutsogolo. Mkulu ameneyo anali ataika kachipangizo koyezera kutentha pabondo pake, poyera, kuti aliyense azikaona.

"Bwana, tasonkhana kudzagwirizana zochepetsa magetsi. Ndiye mukufuna mawa nyuzipepala ilembe kuti tadinda pangano tili mufiriji?"

"Nanga titani? Anthuwa apsa!"

"Avule majekete."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

Unali mwezi wa Ogasiti, pachimake pa nyengo yotentha kwathu kuno, dzuwa lili paliwombo, m'holo ya mzinda wa Nagise. Mizinda yathu itatu, Shiomine kwathu, Nagise ndi Okutani, inagundana m'mbali mwa doko limodzi, moti galu akhoza kudya ku Shiomine n'kukamwa madzi ku Okutani. Koma uliwonse unali ndi ng'anjo yakeyake yowotchera zinyalala, yakalekale, yofuka usana ndi usiku. Pangano linali loti tigwetse zitatu zonsezo, timange imodzi ya tonse, yosalavula utsi wotenthetsa dziko ngati zakalezo, imene moto wake uzipanga magetsi ndi kufunditsa madzi a m'nyumba zosambiramo anthu onse. Ndime yoyamba inkati nyengo yotentha makina a m'maofesi asatsike kupitirira madigiri 28, ndipo aliyense, kuyambira meya mpaka wapageti, azivula jekete ndi tayi.

Pangano limenelo ndinalemba ndine. Zaka zinayi ndinayenda m'mizinda itatuyo, ndikuwerama pakhomo lililonse mpaka msana kuphwanya. Koma tsiku lodinda, popeza mkazi ndinali ndekha mu ofesi mwathu, anandipatsa jagi. Zinandiwawa, ndisaname, ndipo zimandiwawabe.

Komatu musaganize kuti ndinkalimbikira chifukwa chokonda dziko lapansi kuposa anzanga. Chumuni cha ng'anjo ya ku Shiomine chinali kuseri kwa nyumba yathu, ndipo mwana wanga Chizuru anali ndi mphumu. Mphepo ikachokera kunyanja, utsi unkatsikira pakhonde, zochapa n'kuda, mwana n'kuyamba kulira m'chifuwa ngati kamphaka. Tsiku la masewera kusukulu, anzake akuthamanga, iye ankakhala pansi pa hema ndi azigogo a anzake, mankhwala opopera m'kamwa ali m'manja. M'mawa wa tsiku lodindalo anandifunsa akuvala nsapato pakhomo, "Amayi, akadinda lero, chaka cha mawa ndithamanga nawo?"

"Chaka cha mawa ayi," ndinatero, "koma udzathamanga."

Mthenga wa boma wochokera ku Tokyo anali atanena mosapsatira. Pangano likapanda kudindidwa tsiku limenelo, thandizo lomangira lipita ku mizinda ina, ndipo ife tizigambe ng'anjo zathu zakale, zifukenso zaka makumi awiri. Ndiye kuti Chizuru akanakula mpaka kukwatiwa akutsokomola.

Tsono chinatsekereza zonsezi chinali chiyani? Jekete. Abale inu, jekete!

A Hirayasu, meya wa Okutani, anali wamkulu pa onse, zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, owonda ngati mpini wa tsache, ouma mutu osati masewera. Nkhani yovula majekete itangoyamba kumveka, anauza atolankhani kuti, "Mwamuna wopanda jekete ndi munthu wopita kokasamba. Langali adzandiwotcha nalo limodzi tsiku la maliro anga." Mawuwo analembedwa, ndipo anthu a ku Okutani ankawabwereza monyadira pomwa mowa. Pangano analivomera, inde. Analolanso kuti ng'anjo yatsopano imangidwe kwawo, poti nkhalamba za kumeneko zipeza madzi otentha osambira. Koma jekete, ayi. Anabwera nalo lotuwa, lokhuthala, mabatani onse atamanga.

Ndipo kwathu wamng'ono savula wamkulu asanavule. Choncho holo yonse, amuna okhaokha mizere ndi mizere, inali m'majekete, ikuphikika mwaulemu.

A Sugiwaka, meya wa Nagise, eni ake holoyo, anali munthu wathupi, ndipo nkhope yawo inali itafiira ngati nkhanu yowiritsa. Anatenga chidindo chawo, anachiyang'ana, n'kuchibwezera pansi.

"A Hirayasu, kwatentha ndithu lero."

"Ndi nyengo yake."

"Mwina akuluakulu akanafuna kupepukidwako pang'ono..."

"Ine ndili bwinobwino. Inu vulani, musavutike ndi ine."

"Aa, ayi, ayi! Ife tingayambe bwanji?"

Meya wathu naye analowererapo, akuwerama ali chikhalire. "Yambani ndinu, akuluakulu, ife titsatira."

"Ndati ndili bwino."

Anthu ankadzikupiza ndi mapepala mobisa pansi pa matebulo, nyenje zikulira panja. Kenako a Sugiwaka anapukuta khosi ndi mpango umene unali utanyowa kale, n'kunena zimene ndinkaopa.

"Ine sindingadinde pepala loletsa majekete nditavala jekete. Chithunzi chimenecho adani anga adzachimata pa mtengo uliwonse wa magetsi chisankho chikubwerachi. Bwanji tidzakumanenso kukazizira, mu Novembala?"

Mu Novembala! Mthenga wa ku Tokyo anayang'ana wotchi yake, n'kutseka cholembera. Magazi anga anawira. Zaka zinayi za ntchito, mapapo a mwana wanga, zonse zithere pa chiguduli cha mabatani atatu? Ndinkafuna kukuwa kuti, "Azibambo inu, kodi khungu lanu ndi jeketelo?" Koma kwathu mkazi wonyamula jagi sakuwa.

"Pitani mukawathirire tiyi," ananong'ona a Tsuchikura. "Mwina mitima itsika."

Ndinayamba ndi a Hirayasu, monga mwa mwambo. Nditawerama pambali pawo ndinaona zimene ena sankaona. Kolala inali itanyoweratu, milomo itauma gwa, ndipo ankapuma mwabefu. Nkhalamba inatsala pang'ono kukomoka. Ulemu unandithawa.

"Bwana, vulani," ndinanong'ona. "Mufa pano."

Sanatembenuke. Ngakhale milomo sanaigwedeze kwenikweni. "Ndinalankhula pagulu, mayi. Malovu ndinalavula kale, ndiwameze bwanji?"

Kenako, ndi chala chimodzi, anakankha kapu yawo pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa tebulo, pafupi penipeni ndi chifuwa chawo.

"Jagi imeneyo ikuoneka yolemera," anatero, maso ali kutsogolo. "Manja anu ndi olimba koma?"

Ndinamva. Ndipo nditamva ndinapsa mtima kuposa poyamba. Munthu wamkulu chotere, wolamulira mzinda wathunthu, wadzimanga yekha ndi pakamwa pake, ndiye akufuna ine ndisenze manyazi ake! Ndinkadziwa bwino chimene chimagwera wantchito wothira tiyi meya wa mzinda wina pamaso pa atolankhani. Ndinaima kanthawi, jagi ili m'manja, ndipo chimene ndinaona m'maganizo mwanga ndi Chizuru atakhala pansi pa hema paja.

Sindinathire pang'ono ayi. Poti apempha okha, ndinapendeketsa jagi yonse, kuyambira paphewa, khuthu! Timiyala ta madzi oundana tinagubuduka patebulo n'kukagwera pamiyendo ya meya wathu.

"Mayi iwe! Maso ako ali kuti?" anakalipa a Hirayasu, mawu amphamvu ngati si munthu ankafa uja. "Jekete la pa ukwati wa mwana wanga! Atsikana a masiku ano, kaya akuwalera bwanji!"

Mtsikana ameneyo, ine, ndinali nditapitirira zaka makumi anayi. Koma ndinawerama mpaka tsitsi kugwera kumaso. "Pepani kwambiri, a Meya. Ndalakwa, ndikhululukireni."

Anaimirira akung'ung'udza, anamasula mabatani limodzilimodzi, n'kuvula. Tayi nayenso anali atanyowa, anamuvula. Zimene zinatsatira simunazione, abale! Holo yonse inangoti phapha ngati khola la nkhuku lalowa galu, majekete akuuluka kukagwera pa mipando. A Sugiwaka anavula lawo mwaphuma mpaka batani linathothoka n'kukagunda kachipangizo ka mtolankhani kaja. A Hirayasu anadinda, a Sugiwaka anadinda, meya wathu anadinda. Chithunzi chinajambulidwa: amuna atatu m'malaya, akugwirana chanza, mmodzi atanyowa mbali imodzi. Ine ndinali nditagwada pansi pa tebulo ndi chopukutira.

M'mawa mwake a Tsuchikura anandiitana.

"Mayi Kurahashi, mwachititsa manyazi mzinda wa Shiomine."

"Pangano ladindidwatu, bwana."

"Zimenezo ndi zina."

"Ndi zina bwanji? Dzulo munkafuna kulira inu!"

"Ofesi ya ku Okutani yadandaula. Munthu akathiridwa tiyi, wina ayenera kuyankha mlandu. Mukudziwa mmene timachitira."

Ndinkadziwa, nanga ndikanalephera bwanji? Ananditumiza ku Okutani ndi bokosi la makeke a nyemba zotsekemera kukapepesa. Ndili m'basi ndinkadziuza kuti tikakhala awiri nkhalamba ija iseka, mwina inena zikomo. Ha! Anandilandira atavala jekete lina, mlembi wawo ataima pambali. Analandira bokosi ndi manja awiri, anandiyang'ana ngati sanandionepo, n'kunena kuti, "Muzisamala." Basi. Ngakhale kutsinzinira diso, osayerekeza.

Mwezi wotsatira anandisamutsira ku ofesi yosunga njinga zimene anthu amazisiya m'misewu. Nyuzipepala inalemba za nzeru za mameya atatu, ndipo m'munsi mwake, ndi timalemba ting'onoting'ono, za "ngozi ya tiyi". M'makonde a ofesi anayamba kunditcha Mayi Jagi, ndipo ndikalowa m'chipinda anthu ankasuntha makapu awo monditonza. Ndikanaulula? Ndani akanandikhulupirira? Ndipo akanakhulupirira, nkhalamba ikanagwa ndi manyazi, anthu a ku Okutani n'kuipidwa, pangano n'kugwedezeka ng'anjo isanamangidwe. Ndinangosunga pakamwa, ndikutukwana chamumtima pakati pa njinga zadzimbiri.

Ng'anjo inamangidwa. Inagwira ntchito chaka chathunthu isanatsegulidwe mwamwambo, chifukwa mameya ankakankhirana woti adule riboni, aliyense akuti, "Yambani ndinu." Chaka chimenecho chumuni cha kuseri kwathu chinali zii, ndipo zochapa zinkauma zoyera.

Tsiku la mwambowo linafikanso mu Ogasiti. Ine sanandiitane, ndani angaitane Mayi Jagi? Ndinangopita ngati munthu wamba, ndi Chizuru, amene tsopano anali atandipitirira msinkhu. Basi inatitsitsa m'munsi mwa chitunda.

"Amayi, mukuchedwa inu! Tipeza atamaliza!"

Ndisanayankhe, anauyamba. Anathamanga chitunda chonsecho, kachikwama kakumumenya kumsana, osaima, osagwira pachifuwa. Ine ndinaima pamsewu ndikutchera khutu monga ndinazolowera zaka zonse zija, kudikira chifuwa chija. Sichinabwere. Anafika pamwamba, anatembenuka, n'kuyamba kundikodola ndi manja onse awiri. Ndinalira pomwepo, pamsewu wa eni, anthu akundilambalala.

Pamwamba panali hema, ndipo akuluakulu onse anali m'malaya a manja aafupi, kupatula mmodzi. A Hirayasu anali atapuma ntchito, anabwera ngati mlendo wolemekezeka, atakhala pa njinga ya olumala kuseri kwa tebulo. Anavala jekete lotuwa lomwe lija, mabatani onse atamanga, ndipo paphewa pankaonekabe banga lofiirira limene ochapa analephera. Thukuta linali kamukamu, milomo itaumanso gwa. Munthu wosamva ngati ameneyu sindinamuonepo chibadwire!

Maso awo anayendayenda m'gulu mpaka anandipeza kumbuyo. Sanandipatse moni. Anayang'ana Chizuru, amene ankaseka akupuma mwamphamvu pambali panga, anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anabwerera kwa ine, ndipo ndi chala chimodzi anakankha kapu yawo pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa tebulo.

"Amayi, agogo awo akufuna chiyani?"

Ndinausa moyo. Ndinamupatsa chikwama changa kuti andigwirire, n'kuyamba kuyang'ana kumene aika jagi.