Makala a Danguolė

Kutauni ya Molėtai kuno palibe amene samudziwa Rimgaudas, makanika wa mabasi uja anapuma ntchito. Ena mwa ife timapita kutchalitchi, ena timakwera phiri titavala bafuta kukaimbira milungu ya makolo, ndipo ochenjera amapita konsekonse kuti tsiku lomaliza asadzasowe kolowera. Koma ngakhale pakati pa okwera phiri, Rimgaudas anali wonyanya. Anzake chipembedzo amachivala Loweruka n'kuchikoleka pamsomali Lolemba. Iye ankagona nacho.

M'chitofu chake cha njerwa munali moto umene sunazimepo zaka zisanu ndi zinayi. Anauyatsa ndi mkazi wake Danguolė, m'mawa wa tsiku limene anapita kuchipatala osabwerako. Kuyambira pamenepo bamboyu ankaugoneka motowo tsiku lililonse ngati khanda: kukokera makala pamodzi, kuwafunditsa phulusa, kuwazapo kamchere, n'kuika kambale ka madzi oyera pambali kuti Gabija, mayi wa moto wa pakhomo, asambe kumaso akadzuka. M'chilimwe, tonse tikupuma ndi pakamwa chifukwa cha kutentha, chumuni cha kwa Rimgaudas chinkafuka basi. Dokotala atamugoneka masiku atatu chifukwa cha bondo, anathawa tsiku loyamba lomwelo atavala patapata.

Sankausungira kuphika ayi, poti iye ndi buledi wakuda ndi nyama yankhumba yozizira anali paubale. Mwambo umati mtsikana akamakwatiwa, mayi ake amamupatsa makala a pakhomo kuti akayatsire moto wake woyamba. Danguolė anapita asanachite zimenezo, ndiye Rimgaudas anatsimikiza mumtima kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Jogailė, adzalandirabe moto wochokera m'manja mwa mayi ake, ngakhale uchedwe bwanji.

Vuto linali loti Jogailė amakhala kumzinda waukulu wa Vilnius, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni pomwe ngakhale akhwangwala amafika atatopa. Amaphikira pachitofu chagalasi chamagetsi, ndipo kudenga kuli kachipangizo kamene kamalira ngati mbuzi kakangonunkhiza utsi. Anayesa kuwafotokozera bambo akewo zonsezi pafoni, kawiri, katatu. Rimgaudas ankangoyankha kuti khonde lilipo. Mapeto ake mwanayo anagonja.

“Chabwino Bambo, ndidzatenga. Ndidzayatsira kandulo, makalawo akhale pakhonde tsiku limodzi. Tsiku limodzi lokha, mwamva?”

Anamva mawu oyamba okhawo, ndipo anamukwanira.

Ukwati wa Jogailė unachitikira paphiri mwezi wa Julaye, mvula itatha masabata asanu ndi limodzi osaoneka. Udzu unali wouma moti unkathetheka pansi pa nsapato. Wotsogolera mwambo anali a Skirmantas, amene pakati pa sabata amazula anthu mano, koma tsiku limeneli anapesa ndevu mpaka kuoneka ngati anabadwira m'mphako ya mtengo wa thundu. Pafupi ndi guwa lamiyala anamanga chingwe, n'kuyanikapo nsalu khumi ndi ziwiri zazitali zimene Danguolė anaomba yekha m'nyengo zozizira, zoti mwana wake adzagawire akuchimuna. Jogailė anazitulutsa m'bokosi m'mawa womwewo akulira, akuzinunkhiza imodziimodzi.

Akuchimuna ankatsogoleredwa ndi mayi a mkwati, a Stefanija, mzimayi wa korona m'chikwama, amene analola kubwera paphiripo pokhapokha atapatsidwa ntchito yoti asamaone zikuchitikazo. Anawapatsa mbale. Anthu atamwa supu wozizira wa bitiruti, iwo anakhala kumbuyo kwa tebulo ndi beseni lalikulu, akutsuka, akupemphera chamumtima, diso limodzi lili kuguwa.

Rimgaudas anafika ndi makala ake mumphika wachitsulo, galimoto akuiyendetsa ngati yanyamula mazira, mpaka thalakitala inamupitirira. Mwambo umati utenge theka, theka usiye pakhomo. Ankaudziwa bwino, anaphunzitsapo ena. Koma m'mawa umenewo mantha anamugwira kuti makala ochepa angafere panjira, ndiye anakokolola onse. Anati madzulo abwerera nawo otsala, Gabija sangakwiye ndi kaulendo ka tsiku limodzi.

Anauika mphikawo paudzu pambali pa guwa, n'kutsegula chivundikiro pang'ono kuti motowo upume. A Skirmantas anali atangowasambitsa m'manja akwatiwo, madzi onse a m'jagi atathera pamenepo, pamene kamphepo kanadutsa. Kanatola kanthethe kamodzi n'kukasiya paudzu.

Poyamba unali moto waung'ono, wokwana kuuvundikira ndi chipewa. Woyamba kuuona anali a Stefanija, ndipo ngakhale ali ndi thupi lawo, anafika ndi beseni lija anthu ena asanatembenuke. Rimgaudas anawagwira mkono.

“Asewere, ayi. Madzi amenewo ndi akuda.”

“Akuda? Moto umasankha madzi?”

“Mumuthira m'maso. Gabija sathiridwa zotsukira mbale.”

“Asewere, ndisiyeni mkono. Mayi wanuyo akudya udzu, ndipo akulowera kunsalu.”

“Kasupe ali pansi pompa. Mphindi ziwiri.”

“Ndi bondo limenelo?”

Rimgaudas anawasiya mkono. Anatola jagi, n'kuwauza onse kuti pasapezeke wokhudza motowo, nayamba kutsetsereka. Ndiye apa mpamene muyenera kuwamvetsa anthu athu. Panali amuna athanzi oposa makumi awiri, ovala nsapato zachikopa zoti akanangopondaponda, nkhani n'kutha. Koma moto supondedwa, sulavuliridwa, sumenyedwa ndi chiguduli. Aliyense anamva zimenezo kwa Rimgaudas yemweyo, zaka ndi zaka. Ndipo palibe amene ankafuna kudzatchulidwa mpaka kumanda kuti ndi uja anaponda moto wa malemu Danguolė paukwati wa mwana wake. Anangouzungulira, akuyang'anana. A Skirmantas anakweza manja n'kuyambitsa nyimbo yonyengerera Gabija kuti agone. Amayi angapo anavomera. Ena anatulutsa mafoni.

Gabija sanali ndi tulo.

Rimgaudas anafika pakasupe, nadikira jagi kuti idzaze ndi kamadzi kodontha ngati misozi ya mpongozi, chilala chitakafinya. Akukwera, anamva kukuwa, kenako fungo limene si la udzu. Bafuta akamapsa amanunkha mwake.

Pamene ankafika pamwamba, zonse zinali zitatha. A Stefanija anali atakhuthula beseni lawo, kenako lachiwiri, kenako poto wa supu wotsala. Mkwati anali atathamangira kugalimoto n'kubwera ndi chozimitsira moto, moti theka la phiri linali mbuu ngati kwagwa chipale chofewa. Pachingwe panatsala nsalu imodzi ndi theka. Zinazo zinali zakuda pansi, zikufuka, ndipo Jogailė anali atagwada pamenepo ndi nkhata yake yamaluwa, akutola tizidutswa tokhala ndi ulusi wofiira wa mayi ake.

Rimgaudas sanapite kwa mwanayo. Izi anthu amazinenabe mpaka lero. Anapita kumphika.

Unali wodzaza madzi ofiirira, pamwamba pakuyandama katsabola ndi kachidutswa ka dzira. Anagwada, napendeketsa mphikawo, n'kuyamba kufukula ndi zala. Pansi penipeni, pomwe phulusa linagwirana ngati chigumu, anapeza khala limodzi louma mkati. Analiuzira. Linatsegula kadiso kofiira.

Mtima wake unadumpha ngati wa mnyamata. Analiika m'kapu yachitsulo, nalitchinga ndi chikhatho, jagi ija ataipanira m'khwapa, n'kupita nalo kwa mwana wake akutsimphina, nkhope ili ngwee, ngati wabweretsa nkhani yabwino pamaliro.

“Joga, mwana wanga, taona. Ulipo. Sunafe.”

Jogailė anayang'ana m'kapumo. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza.

“Bambo, nsalu izi Amayi anazigwira ndi manja awo. Ulusi uliwonse. Pena analakwitsa, n'kumasula, ndinkawaona. Khala limenelo ndi nkhuni zimene munatola kunkhalango chaka chatha.”

“Koma moto wake ndi womwewo.”

“Zaka zisanu ndi zinayi simunabwere kudzaona kumene ndimakhala. Tsiku lolandira digiri munatumiza uchi. Ndinkati palibe kanthu, akusunga za Amayi. Lero za Amayi zimapsa, inu muli kukasupe.”

“Ndimakusungira iwe.”

“Ndikudziwa. Pitani nalo, Bambo. Kwathu kulibe poliika.”

A Stefanija anabwera n'kumudzutsa mpongozi wawo, akumupukuta mwaye m'manja ndi epuloni. Podutsa anamuyang'ana Rimgaudas, osati mwaukali, n'kumuuza kuti jagi yake ija aiike pansi, madzi oyera akutayikira pa nsapato. A Skirmantas anamaliza mwambowo mofulumira ngati akuzula dzino logwedera kale, ndipo anthu anatsika kukadyera kuholo, kumene kuli mipope ndi magetsi. Rimgaudas anaitanidwa, koma ndi mawu aja oitanira munthu amene mukudziwa kuti sabwera.

Anabwerera kunyumba dzuwa likadali pamwamba, kapu ili pakati pa miyendo. Ulendo uno galimoto anaithamangitsa. Khitchini inamulandira ndi kuzizira kumene anali atakuiwala. Anagwada pachitofu, naika khalalo pa makungwa ouma, n'kuyamba kuuzira, akulitchula maina onse okoma amene ankawadziwa, ena a Gabija, ena amene ankamutchula mkazi wake yekha. Linafuka pang'ono. Utsi wake unkanunkha sopo ndi bitiruti. Anauzira mpaka mutu unazungulira, ndipo atatsegula maso anapeza akuuzira kamwala kakuda.

Anasaka m'nyumba monse, m'madirowa, m'matumba a majekete akale. Munthu amene moto wake suzima sasunga machesi.

M'mawa mwake anali woyamba pakhomo la sitolo. Anagula buledi amene sankamufuna, mchere umene anali nawo kale, kenako ndi kamawu koti ungaganize akufunsa mankhwala a matenda amanyazi, anapempha machesi. Mayi wogulitsa, amene anali ataonera kale ukwati wonse pafoni, anangofunsa ngati akufuna bokosi limodzi kapena paketi. Anati limodzi.

Pofika masana chumuni chinali chikufukanso. Madzulo alionse amaugonekabe motowo, ndi mchere wake, ndi kambale ka madzi oyera. Jogailė amaimba foni Lamulungu, amakambirana za bondo ndi za mvula. Mlendo akafunsa kuti moto umenewu wakhala zaka zingati, Rimgaudas amati chaka chamawa ukwanitsa khumi, ndipo amanena akuyang'ana pawindo, osati kuchitofu.