Tsitsi pa Phazi la Nkhunda

Saluni yanga ili pakati pa mzere wa mashopu asanu ndi imodzi. Kumanja kuli mayi wogulitsa nsalu, kumanzere kuli bambo wosoka nsapato amene aliyense amawatchula kuti a Chidendene, chifukwa nsapato iliyonse ukawapatsa amayamba aitembenuza kaye n'kuyang'ana chidendene, ngakhale uwauze kuti chaduka ndi lamba. Kuseri kwa mashopu onsewa kuli kanjira kopapatiza ndi ngalande, ndipo zitseko zathu zakumbuyo zimatsegukira kumeneko.

Ndakhala ndikuluka tsitsi pamenepa zaka khumi ndi chimodzi, ine ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Manja ake ndi ofulumira, koma pakamwa pake pamaposa manjawo. Tikamaweruka pansi pamakhala mbwee tizidutswa ta meshi, tsitsi logula lolukira lija: tatifupi todula kunsonga, tatitali tochotsa pomasula mutu wakale, takuda, tofiira, tagolide. Ine ndinkasesa bwinobwino mpaka kunsi kwa mipando, n'kukankhira zonsezo kunja kwa chitseko chakumbuyo. M'mawa ndinkapeza palibe. Yatenga mphepo, ndinkatero mumtima, osafunsa kuti yapita nazo kuti. Makasitomala ankandiyamikira kuti ndine waukhondo, ndipo inenso ndinkadziona choncho.

A Chidendene amaweta nkhunda kuseri kwa shopu yawo, m'mabokosi okhomedwa pamwamba pa mitengo inayi. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Zaka zonsezi ine ndi iwo tinkangopatsana moni wam'mawa ndi wamadzulo, nthawi zina n'kubwerekana tsache.

Lolemba lina m'mawa, kasitomala asanabwere ndi mmodzi yemwe, anagogoda pachitseko chakumbuyo, chinthu chimene anali asanachitepo. Anali atafumbata nkhunda yotuwa pachifuwa. Anapempha kuti ndiwabwereke maso anga ndi kasizasi kanga kosongoka kaja, chifukwa maso awo ayamba kuchita chifunga ndipo lezala likuwanjenjemera m'manja.

Ndinatulutsa mpando kuti tikhale poyera. Iwo anagwira nkhundayo chagada, ine n'kuwerama. Phazi lake lakumanzere linali litatupa, zala ziwiri zitamangidwa pamodzi ndi kanthu konga ulusi komwe kanali katalowa m'mnofu. Ndinalowetsa nsonga ya sizasi pang'onopang'ono, n'kudula, n'kuyamba kumasula. Kanali kozungulira kambirimbiri, kwina kopotana ndi phazi linalo, moti mbalameyo inkayenda ngati yomangidwa miyendo. Sinaphupheko. Ndinkangomva mtima wake ukugunda pansi pa chala changa.

Nditatambasula kaulusiko padzanja ndinakazindikira. Kanali kofiirira ngati vinyo, meshi yomwe ndinaitanitsira namwino wina sabata ziwiri zapitazo. Mumzere wonse, ngakhale ku saluni ina ya kumapeto, palibe amene anali ndi mtundu umenewo.

A Chidendene anathira madzi a mchere pabalapo, n'kuthokoza. Kenaka anandilozera nkhunda zina zomwe zinkatola zakudya pafupi ndi ngalande. Ina inali ndi zala ziwiri zokha. Ina inalibiretu, inkangogunda pansi ndi kachitsa. Anati m'mawa uliwonse, asanazitsegulire, amayenda m'kanjirako ndi kawaya kokhota kunsonga n'kumatola tsitsi, koma masiku ano lambiri amaliphonya.

“Bambo, mwakhala mukutola kuyambira liti?”

Anaganiza pang'ono. Anati kuyambira chaka chimene tinapakitsa utoto wobiriwira pachitseko. Ndinawerenga mumtima. Zinali zaka zisanu ndi ziwiri.

“Nanga osandiuza bwanji?”

“Mayi, inu mumadyera momwemo,” anatero akusisita nkhundayo pamutu. “Ndinkaopa kuti nkhani ya mbalame ingatilande moni.”

Atapita ndinakhala pampando paja kanthawi, kaulusi kali m'manja. Manyazi anandigwira, ndipo pambuyo pake panabwera kamkwiyo kopanda mwini. Akanandikalipira, ndikanawayankha, zikanathera pomwepo. Koma munthu wamkulu ngati bambo anga kuwerama zaka zisanu ndi ziwiri kutola zinyalala zanga, ine n'kumati yatenga mphepo, zinandiwawa kwambiri.

Mlamu anamva zonse ali mkati akupaka zikhadabo. Anati nkhundazo zimafuna kulukidwa mwaulere, ndiye zikuona polekera. Ndinaseka pang'ono chifukwa akayamba nthabwala sungapirire, koma madzulo ake nditasesa sindinatsegule chitseko chakumbuyo. Ndinawolera tsitsi lonse m'thumba lomwe munali sopo wa ufa, n'kulimanga pakamwa.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Koma thumba linadzaza masiku anayi okha. Ndinadabwa, chifukwa ndinali ndisanaonepo tsitsi la masiku angapo lili pamodzi. Galimoto ya zinyalala imadutsa Lachisanu, ikafuna, ndipo imaima pamphambano, osati pakhomo pathu. Mlamu anati tingotentha. Tinayesa kamodzi m'chitini kuseri, utsi wake unali wakuda, wonunkha ngati tayala, mpaka mayi wansalu anatuluka akutsokomola n'kutifunsa ngati tikufuna kuti katundu wake azinunkha galaja. Sitinabwerezenso.

Choncho Lachisanu lililonse ndinayamba kulawirira, kunyamula matumba awiri mpaka pamphambano, n'kudikira. Galimoto ikapanda kubwera ndinkabwerera nawo, n'kuwaunjika kuseri kwa katani komwe timasambitsira mitu. Mlamu ankadandaula kuti saluni yasanduka nkhokwe ya tsitsi, ndipo tsiku lina kasitomala adzatsegula katani n'kuthawa ali ndi mutu wolukidwa theka. Komabe ndinaona kuti akamadula nsonga wayamba kutchera dzanja kunsi, n'kuponya tizidutswato m'kachidebe komwe ndinaika pakati pa mipando. Ine sindinamuyamikire, chifukwa ndimamudziwa: ukamuyamikira amasiya.

Ovuta anali makasitomala ozolowera kukhala pakhomo lakumbuyo n'kumamasula okha mutu wakale podikira. Ankangotaya pansi. Ndinayamba kuwapatsa kabeseni. Ena ankalandira, ena ankandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mayi wina wondilukitsa kwa zaka zambiri anati ndayamba matama, ndipo anakhala miyezi iwiri osabwera.

Ndinapitanso ku saluni ya kumapeto kwa mzere. Mwini wake timamutchula kuti Bwana Mkubwa, ngakhale ndi mtsikana wochepa thupi, chifukwa cha mayendedwe ake. Ndinalankhula mwaulemu, ndinamufotokozera za phazi lija. Anandimvetsera akupesa wigi, kenaka anati iye anachita lendi shopu, osati kanjira, ndipo ngati nkhunda zili ndi dandaulo zibwere zokha. Ndinabwerako nditagwa nkhope. Mpaka lero amasesera kunja.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumapeto kwa chaka, a Chidendene anati ngalande ija ikufunika kuiona mvula isanagwe, chifukwa chaka chilichonse madzi amabwerera n'kulowa m'shopu mwawo. Lamlungu masana ndinabwera ndi amuna anga, titatenga khasu ndi waya wautali. Amuna angawo anatukula simenti yophimba pomwe ngalande imalowa pansi pa msewu, ine n'kulowetsa waya.

Chomwe chinatuluka chinali ngati chingwe chokokera galimoto, chakuda, cholemera ndi matope, chitakola mapepala apulasitiki ndi zitsekerero za mabotolo. Tinakoka atatu, ine, amuna anga ndi a Chidendene. Chikutuluka, ndinayamba kuona mitundu mkati mwake: yagolide yomwe inatchuka zaka zitatu zapitazo, yabuluu yomwe atsikana asukulu ankailimbirana nthawi ina, yopotanapotana yomwe ndinasiya kugula kalekale. Zonse zinali zosawola, ukazitsuka ukhoza kulukiranso munthu. Amuna anga anati akanadziwa kuti chuma chonse cha mkazi wawo chili m'ngalande, bwenzi atabwera kale ndi wilibala. Tinadzaza matumba asanu ndi awiri.

Mvula itagwa madzi anadutsa bwino, ngakhale kuti tsiku lina la mvula yamphamvu analowabe pang'ono kwa a Chidendene. Nkhunda yotuwa ija chala chimodzi chinauma n'kugwa, china chinapola. Imayenda motsimphina koma imauluka ngati zinzake, ndipo yaswa kale kawiri.

Tsopano Lolemba m'mawa, poti kumakhala kopanda anthu, ndimatulutsa mipando iwiri kuseri. A Chidendene amagwira nkhunda imodziimodzi, ine n'kumayang'ana mapazi. Masabata ambiri sitipeza kanthu. Nthawi zina timapeza tsitsi, la kwa Bwana Mkubwa kapena lochokera kwina kumene sitikudziwa, mwinanso langa lomwe lathawa tsache. Pogwira ntchitoyo ayamba kulankhula. Ndadziwa kuti anali ndi mkazi amene anamwalira kalekale, kuti nkhunda zoyamba anagula ndi mkaziyo, ndiponso kuti mwana wawo wamkazi akuwakakamiza kuti asiye ntchito akakhale naye, koma kumene amakhalako salola ziweto.

Sabata yatha anandifunsa ngati ndingathe kuzisunga iwo akadzapita. Ndinawauza kuti sindidziwa ngakhale chakudya chake. Anati zimenezo n'zosavuta, andiphunzitsa, nthawi ikadalipo. Mlamu anasuzumira pakhomo n'kunena kuti kasitomala wafika ndipo akufuna zingwe zazitali mpaka m'chiuno. Ndinasamba m'manja n'kulowa.