Madzi a Alamu Anga

Kuntchito amanditcha Mayi Bwerezani. Dzinali sindinalipemphe, koma sindilikananso. Ndimagwira ntchito m'labotale yoyeza madzi oipa, aja otuluka m'mafakitale ndi m'zimbudzi asanawatayire kumtsinje. Anzanga amayeza, ine ndimaona ngati ayeza bwino. Pepala la zotsatira silituluka pakhomo pathu popanda dzina langa pansi pake, ndipo ndikakayika ndimangoti, "Bwerezani." Munthu wa ntchito yotere saitanidwa kawirikawiri ku maphwando a anzake, ndipo ndinazolowera.

Lolemba limenelo ndinavala gauni langa loyera n'kuyamba ndi chofungatira, monga ndichitira m'mawa uliwonse. Chofungatira ndi kabati yonga firiji momwe timasungamo mabotolo a madzi kwa masiku asanu. M'madzi oipa mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya nyansi, ndipo pakudyapo timamaliza mpweya wa m'botolo. Masiku asanu akakwana timayeza mpweya wotsala, n'kudziwa kuti madziwo ndi onyansa motani. Koma m'kabatimo muyenera kukhala madigiri makumi awiri, osakwera, osatsika. Mukatentha, tizilomboto timadya mwadyera, ndipo madzi amaoneka oipa kuposa mmene alili.

Kachipangizo kolemba kutentha kanandiuza zimene mlonda sanandiuze pageti. Magetsi anazima Loweruka masana, jenereta silinadzuke, ndipo mpaka Lamulungu madzulo m'kabatimo munali madigiri makumi atatu ndi imodzi. Mabotolo makumi anayi anali atakhala m'chifundizi tsiku ndi theka.

Magalasi, mnzanga amene amayeza mabotolowo, anayezabe onse chifukwa ndi lamulo. Pa gulu lililonse timaikapo botolo limodzi lomwe yankho lake timalidziwa kale, chifukwa madzi ake timasakaniza tokha. Timalitcha mboni. Liyenera kupereka mazana awiri, kapena pafupi pomwepo. Tsikulo mboni inapereka mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi.

"Mboni yanama, amayi," anatero Magalasi, akupukuta magalasi akewo ndi m'mphepete mwa gauni.

"Ndiye gulu lonse lafa."

"Mwaona botolo la nambala seventini?"

Ndinali nditaliona. Linali la fakitale yofufuta zikopa ya kumunsi kwa mlatho. Malire ololedwa ndi makumi asanu, ilo linapereka zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi. Kapitawo woyang'anira maiwe osefera madzi pafakitalepo ndi alamu anga, amuna a achemwali anga.

Nthawi ya teni koloko anandiitana abwana. Muofesi mwawo munali kale woyendera wa zachilengedwe, mayi wamtali amene wakhala akuisaka fakitaleyo zaka ziwiri. Nthawi zonse akapita kukatunga madzi ankapeza paipi ikutulutsa madzi oyera ngati a pampopi, poti wina ankawatsina khutu eni fakitale. Ulendo uwu anawapeza asanakonzeke. Nkhope yake inali ya munthu amene wagwira mbala dzanja lili m'thumba.

"Sainani apa, lipoti lipite lero," anatero abwana, akundikankhira pepala.

"Sindisaina, bwana. Chofungatira chinatentha, mboni yanama."

"Mboni yaphonya ndi makumi asanu ndi limodzi basi. Chotsanipo zimenezo pa botolo la fakitale, muona kuti yalakwabe kawiri konse."

"Mwina yalakwadi. Koma ine sindinayeze zimenezo. Ndingakhale ndikulosera."

Woyendera uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, munayamba mwaimapo pamlatho paja? Ana amasamba pamenepo. Amayi amachapa pamenepo."

"Ndimadutsapo tsiku lililonse nditagwira mphuno," ndinayankha. "Koma pepala ili mukapita nalo kubwalo, loya wawo adzapempha buku la chofungatira. Adzaona madigiri makumi atatu ndi imodzi, ndipo mudzatuluka m'khotimo manja ali m'khosi."

Abwana anatsokomola pang'ono, n'kutsitsa mawu. Anati buku la Loweruka ndi Lamulungu linali lisanalembedwe, ndipo palibe angadabwe kuona makumi awiri m'mizere iwiriyo, monga mizere ina yonse. Za kachipangizo kaja anati nthawi zina kamasokonezeka mutu.

Ndinamva kutentha kumaso. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuuza ana a eni kuti m'buku la labotale sitifufuta, sitimata, sitilemba za dzulo ngati talemba dzulo. Ukalakwitsa umadula mzere umodzi kuti cholakwacho chizionekabe, n'kusaina pambali. Ndiye lero andiuze kuti ndilembe kutentha komwe kunalibe?

"Cholembera changa sichidziwa kulemba zimenezo, bwana."

Pamenepo m'pomwe anatulutsa zomwe anabisa kukhosi. "Tisanamizane, mayi. Aliyense muno akudziwa kuti kapitawo wa fakitale ija ndi alamu anu. Mukakana, ndilembera akuluakulu kuti mwaika chibale patsogolo pa ntchito. Mudziwa nokha kuti zikatero dzina lanu silidzaonekanso pansi pa pepala lililonse."

Ndinaseka. Kuti ine nditeteze alamu anga? Bambo amene pa chakudya chilichonse cha pabanja amauza alendo kuti, "Awa ndi alamu anga, anaphunzira zaka zinayi kuti azinunkhiza zimbudzi za anthu"? Ndikanakhala wotsata mtima wanga, pepalalo ndikanasaina ndi manja onse awiri.

"Lembani kalatayo, bwana," ndinatero. "Nanenso ndikukalemba yanga."

Ndinabwerera pa tebulo langa n'kutenga fomu yomwe timalembapo ntchito ikasokonekera. Ndinalemba ola lomwe magetsi anazima, ola lomwe anayaka, kutentha kwake, ndi yankho la mboni. Ndinalemba kuti mabotolo onse makumi anayi atayidwe, eni ake auzidwe, madzi atungidwenso. Pansi pake ndinawonjezera ndi dzanja langa kuti kapitawo wa fakitale ya zikopa ndi mlamu wanga, choncho botolo latsopano ndisalikhudze: atunge woyendera, ayeze Magalasi, kiyi wa chofungatira asunge abwana. Ndinapanga makope atatu. Limodzi ndinakaika pa tebulo la abwana, pamwamba penipeni pa kalata yondinenera imene ankalemba ija.

Woyendera anandipeza pakhonde. Sanandimwetulire. Anangoti apitanso Lachitatu m'mawa kwambiri, ndipo akapezanso madzi a pampopi adzadziwa yemwe walankhula.

Nkhani ilibe miyendo koma imayenda. Pofika masana, ndikalowa m'chipinda chomwera tiyi anthu ankasiya kulankhula n'kumatakasa makapu opanda kanthu. Wina wa kuofesi ya makalata anafunsa mnzake mokweza ngati nsapato zachikopa zatsika mtengo masiku ano. Zinandipweteka, sindinama. Anthu amene ndawabwezera ntchito kambirimbiri anali atapeza poluma, ndipo analuma ndithu.

Lachiwiri nditaweruka ndinapeza galimoto ya alamu ili pakhomo panga. Anakhala pampando wanga wabwino uja miyendo atatambasula, achemwali ali pambali pawo manja ali pamiyendo. Patebulo panali chikwama chachikopa chatsopano, chonyezimira, chikununkhabe fakitale.

"Alamu, ndamva zonse," anayamba, mano onse ali pamtunda. "Ndimadziwa ine kuti chibale ndi fupa, sichiola. Kachikwama aka n'kongothokoza."

"Mukuthokoza chiyani? Amene anakuthandizani ndi jenereta. Kapatseni jeneretalo."

Anaseka ngati ndanena nthabwala. Kenaka anasendera kutsogolo. "Tsono poti abweranso kudzatunga, inu simungalephere kudziwa tsiku. Sindikupempha zambiri. Mungoti mawa, kapena mkuja. Zinazo ndithana nazo ndekha."

Ndinadziwa zomwe ankatanthauza. Akadziwa tsiku amatsekula mpopi waukulu kuti madzi abwino asukulutse oipawo, botolo n'kutuluka loyera.

"Maiwe anu osefera munawakonza liti, alamu?"

"Makina opukusa mpweya anafa chaka chatha. Eni ake safuna kugula ena. Ndiye ine nditani? Zikavuta adzaloza ine, osati iwo."

Pamenepo ankanena zoona, ndipo kwa kanthawi ndinawamvera chisoni. Koma amene anandilasa mtima ndi achemwali. Iwowa ndi amene anandilera mayi athu atamwalira. Anasiya sukulu kuti ine ndipitirize. Yunifolomu yanga yoyamba anasoka okha pamanja, mkono wina n'kutalika kuposa unzake. Sanandipemphepo kanthu moyo wanga wonse.

"Mng'ono wanga," anatero motsitsa, osandiyang'ana, "ana atatu ali pasukulu. Alamu akowa akachotsedwa ntchito tilowera kuti? Ndi liwu limodzi lokha."

Liwulo linali pakamwa panga penipeni. Mawa. Ndinalimva likukankha mano. Ndinaimirira, n'kunyamula chikwama chija, n'kuchiika pamiyendo pa alamu.

"Achemwali, ndipempheni china chilichonse. Ana abwere adzakhale kuno, ndidzawadyetsa, ndidzawaperekeza kusukulu. Koma tsiku sindinena."

"Ndiye unakaniranji kusaina poyamba paja, ngati sunkatithandiza?"

"Chifukwa pepala lija linali labodza. Likanakhala loona ndikanasaina."

Alamu anaimirira, nkhope itagwa. Anati anthu ophunzira kwambiri mitima yawo imauma ngati chikopa chosafufuta. Achemwali anawatsatira. Anatuluka osatsanzika, ndipo chitseko anachitseka pang'onopang'ono.

Lachitatu woyendera anabwera ndi mabotolo ake m'bokosi la ayezi, atamata pakamwa pake ndi tepi yosainidwa. Ine ndinaima patali, manja kumbuyo, Magalasi akulandira n'kulemba ola. Abwana anatseka chofungatira n'kuika kiyi m'thumba la malaya. Masiku asanu amenewo ndinkawerenga kutentha kudzera pagalasi la chitseko, m'mawa ndi masana. Loweruka ndi Lamulungu ndinapitanso, popanda wondituma, kukaonetsetsa kuti jenereta lili ndi mafuta. Mlonda anandifunsa ngati kunyumba kwanga kwasefukira madzi.

Lolemba linalo Magalasi anayeza abwana ataima pambuyo pake. Kutentha kunali makumi awiri masiku onse asanu. Mboni inapereka mazana awiri kuchotsapo ziwiri. Botolo la fakitale linapereka zana limodzi ndi makumi anayi, pafupifupi katatu kuposa malire.

Abwana anabweretsa pepalalo okha pa tebulo langa. Anthu amene sabwera konse mbali yathu anapeza zifukwa zodutsira pakhomo. Wina ankafuna sitepula, wina ankafunsa nthawi.

"Poti ndi nkhani ya pachibale," anatero abwana, mawu atafewa tsopano, "ndikhoza kusaina ndekha. Palibe angakunenereni kanthu."

"Sainani, bwana. Ine ndisaina pansi panu."

Sindinathamange. Ndinayang'ana ola lotungira ndi ola lolandirira. Ndinayang'ana ngati makina oyezera mpweya anawongoledwa m'mawa umenewo. Ndinawerengetsanso masamu a Magalasi mzere ndi mzere, ndikufunitsitsa mumtima kuti ndipeze cholakwa, ngakhale kadontho kosokera, kuti ndinene liwu langa lija n'kupatsa achemwali masiku ena asanu. Munalibe cholakwa chilichonse. Magalasi anali atagwira ntchito yoyera kuposa masiku onse. Ndinasaina, n'kubweza cholembera m'thumba.

Kalata ya abwana yonena za ine sinapite kulikonse. Woyendera potuluka anandigwedezera mutu kamodzi, ndipo kwa mayi ameneyo kumeneko n'kuthokoza kwakukulu. M'chipinda cha tiyi anayambanso kundisungira mpando. Sabata isanathe paipi ya fakitale inatsekedwa, ndipo monga ananenera okha, eni ake analoza alamu anga n'kuwachotsa ntchito.

Loweruka masana ndinapita kwa achemwali. Ndinanyamula mabuku a sukulu ndi nsapato za mwana wawo wamng'ono. Ndinagogoda katatu. Ndinkamva wailesi ikulira m'kati, kenaka wina anaitsitsa. Patapita nthawi achemwali anatsekula pang'ono, mpata wongokwana nkhope yawo. Maso anali otupa.

"Wabwera kudzayeza chiyani kuno?"

"Ndabwera kudzakuonani, achemwali."

"Ndinakupempha liwu limodzi."

"Ndikudziwa."

"Utati ubwerere tsiku lija, ungalinene?"

Ndikanatha kunama. Bodza laling'ono, lopanda fomu, lopanda wosaina, ndipo chitseko chikanatseguka. Ndinawayang'ana mayi amene anandilerawo, ndikuwakonda kuposa munthu wina aliyense padziko, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ayi, achemwali. Sindingalinene."

Anayang'ana thumba lomwe ndinanyamula, n'kuyang'ananso ine. Anatambasula dzanja, n'kulandira nsapato za mwanayo, chifukwa mwana sanalakwe. Kenaka anatseka chitseko, ndipo ndinamva akukhoma ndi kiyi.