Magetsi mu Dramu la Mowa

"Za nkhuni iwalani," anatero Wilbroad, mkamwini wa Eneless, akumangirira chitsulo chotenthetsera madzi m'kati mwa dramu la mowa. Waya anachokera m'nyumba n'kudutsa pabwalo. Polumikiza pake anangokulungapo timapulasitiki ta shuga.

Eneless anaphika mowa kuyambira ali mtsikana. Koma chaka chimenecho njovu zinatseka njira ya kunkhuni, ndiye anavomera, mtima usakufuna.

"Fridah, funsa mwamuna wakoyo," anauza mwana wake. "Chinthu ichi sichiluma?"

"Akuti magetsi si njoka, amayi."

"Njoka ili bwino. Imaoneka."

Wilbroad anaseka n'kupita kuntchito. Phala la mowa linayamba kubwata, popanda utsi, popanda lawi. Eneless ankalizungulira patali ngati galu wachilendo.

Masana magetsi anapita. Phala linatsika, ndipo fungo la chopserera linatuluka m'dramu.

"Lamatirira pachitsulo chija," anatero Fridah. "Ndilipale lisanaononge mowa wonse."

"Ndi mimba yakoyo? Khala pansi."

"Malaiti akapita sabwera manje manje. Mpaka madzulo, mukudziwa."

Palibe anaganiza zokazimitsa pakhoma. Kwa iwo moto ukazima ndiye kuti wazima. Fridah anatenga chisupuni chachitsulo chachitali, naima opanda nsapato pamatope pamene anatsukira dramu, n'kuyamba kupala.

Eneless anali kuseri akusefa chimera. Kenako anamva chigayo cha kumsika chikutsokomola, n'kulira. Sefa inagwa m'manja.

"Fridah! Siya! Magetsi abwera!"

Zala za Fridah zinali zitakanirira pachisupuni, mkono ukunjenjemera, mano ali gwa. Eneless anatambasula dzanja kuti amukoke, koma analibweza. Anatola mthiko wouma wotakasira mowa n'kumenya mkono wa mwana wake ndi mphamvu zonse. Chisupuni chinagwera m'dramu. Fridah anagwa chagada.

Mayiyo anathamangira m'nyumba, nazula waya pakhoma, nabwerera akukwawa.

"Iwe! Ndiyankhe! Usandichite zimenezi, wamva?"

Fridah anatsegula maso. "Mwandithyola mkono, amayi."

"Mkono umapola. Mwana akusewera?"

Fridah anagwira pamimba. Eneless anachotsa dzanja lakelo n'kuikapo lake, lodzaza ufa wa chimera. Anadikira. Chigayo chinkangolira. Milomo yake inkayenda, koma pemphero silinkatuluka.

Kenako pansi pa chikhatho panagunda. Kamodzi, mofooka.

"Mwamva?" ananong'ona Fridah.

"Kamodzi sikokwana. Dzuka."

Maggie, mnansi wawo, anali atafika pampanda. "Nanga mowa, anzanga? Anthu a Loweruka mudzawauza chiyani?"

"Adzamwe madzi," anatero Eneless. "Bweretsa njinga."

Anamukweza Fridah pakaliyala, Eneless n'kugwira zogwirira. Anakankha njingayo ulendo wa kuchipatala, akuima pamtengo uliwonse kuti agwirenso pamimba.