Masamba Opanda Kwawo

Mkulu wa dipatimenti yathu anandipeza ndikuchonga mayeso.

"Apulofesa aja atisiya," anatero. "Mawu owakumbukira mulembe ndinu, poti ofesi yawo munalowamo ndinu. Musaiwale za zomera zija."

Zomera zija ndingaziiwale bwanji, zimene zandisowetsa mtendere zaka zitatu?

Apulofesa anaphunzitsa sayansi ya zomera zaka makumi atatu ndi zinayi. Tchuthi chilichonse ankakwera mapiri kukathyola masamba, kuwaumitsa pakati pa nyuzipepala, n'kuwamata pa mapepala olimba. Mapepalawo alipo zikwi zisanu ndi chimodzi, m'makabati achitsulo a m'chipinda chapansi. Koma munthuyo anali ndi liuma. Papepala ankangolemba nambala basi. Kumene tsambalo analithyola, tsiku lake, mtundu wa dothi, zonsezo zinali m'makope akuda. Tikawauza kuti zilowe m'kompyuta ankatiseka.

"Kompyuta imafa, ana inu. Kope silifa."

Atapuma pa ntchito ofesi yawo inapatsidwa kwa ine. Ndinaipeza yodzaza makatoni mpaka kudenga, mphemvu zikuyenda ngati eni nyumba. Ine n'kuti nditangokwezedwa kumene, phuma lili tho. Vuto n'lakuti apulofesa ankagula makope a mtundu umodzi pa chilichonse. Ndinatsegula awiri apamwamba, n'kupeza malikisi a ophunzira akalekale. Makope a zomera ndinkayesa ali kuchipinda chapansi. Ndinaitana oyeretsa kuti achotse zonse akazitaye.

Ndinazindikira kulakwa kwanga patapita miyezi isanu, mlendo wina wofufuza atafunsa kumene tsamba nambala 2117 linachokera. Ndinatsika, ndinafufuza kabati iliyonse, thukuta lili kamukamu. Munalibe kope ngakhale limodzi. Mlendoyo ndinamuuza kuti makope akukonzedwa, ndipo mpaka lero akukonzedwabe. Tsamba losadziwika kwawo ndi chinyalala chabe. Sindinauze munthu aliyense, chifukwa ndinachita mantha.

Mwambo wokumbukira aphunzitsi opuma amene amwalira chaka chino unachitikira mu holo yaing'ono. Analipo anayi, zithunzi zawo zitatsamira pa tebulo. Nthawi yanga itakwana ndinaimirira n'kuwerenga kuti apulofesa atisiyira chuma chimene mibadwo idzatungamo nzeru. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinadzida.

Tikutuluka, mayi wina wachikulire anandigwira mkono. Anali akazi awo a malemuwo.

"Ndinu amene muli mu ofesi ya bambo?"

"Ndine, mayi."

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kope lakuda, m'mbali mwake mutathetheka.

"Ili ndalipeza m'thumba la jekete yawo. Ndi lomaliza. Pa bedi la kuchipatala ankangodandaula kuti lasiyana ndi anzake. Ine ndinkawauza kalekale kuti onsewo abwere kunyumba, iwo ayi, ati adzukulu angang'ambe, zinthu zimasungika ku yunivesite. Mukaliike pamodzi ndi enawo."

Ndinalilandira ndi manja awiri.

"Lachisanu ndibwera ndi mdzukulu wawo wamkulu," anapitiriza. "Wayamba maphunziro a zomera omwewa. Akufuna akhale pansi awerenge makope onse a agogo ake, kuyambira loyamba."

Ankandiyang'ana mwachikhulupiriro, maso ali ofiira ndi kulira kwa masiku ambiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona.

"Mubwere cha m'ma teni, mayi," ndinatero. "Mudzandipeza."