Mlonda Wokalamba

Nasingano anakoka khadi pamwamba pa mulu wake, nalisuzumira. Linali lomwe lija: Mlonda Wokalamba, nkhalamba ya chijasi chong'ambika itanyamula nyali. Analiika kumapeto kwa makadi a m'manja mwake, chala chake chachikulu n'kuyamba kulisisita chokha.

Kutsidya kwa tebulo kunakhala mng'ono wake, Namwino, atavaliratu yunifolomu ya kuchipatala. M'chipinda cha kuseri kwa shopu ya makadi munkatentha, fani ikungotakasa mpweya womwewo. Mwa anthu makumi atatu amene analowa mpikisano m'mawa, anatsala awiriwa, ndipo wopambana ndiye ankapita kukaimira shopuyo ku mpikisano waukulu.

Khadi la Mlonda silinali lokongola, ndipo silinkapha chilombo ngakhale chimodzi. Koma odziwa masewerawa ankalilemekeza, chifukwa linkagwira ntchito zitatu: kutchinga chilombo choukira, kuzimitsa matsenga a mnzako, kapena kukubwezera moyo ukatsala pang'ono kutha. Makadi ena amadikira nthawi yawo, koma ili nthawi iliyonse inali yake. Ndipo linali la Namwino. Analipeza yekha m'paketi chaka chatha, n'kuvina nalo mpaka pamsewu.

Dzulo lake, Namwino anabwera ndi mulu wake kumene mkulu wakeyo amasokera zovala, kuti amukonzere monga mwa masiku onse. Nasingano, amene anamuphunzitsa masewerawa, anayala makadiwo pa tebulo lodulirapo nsalu, nasolola Mlonda.

"Kankhalamba aka kakungokuchedwetsa, iwe. Wopambana ndi woukira. Tenga ichi."

Anamupatsa Chinjoka cha Golide, khadi lonyezimira mochititsa kaso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: Chinjokacho chinkafuna mphamvu zambiri moti chinkangokhala m'manja ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

"Mukatero inu, achemwali, ine ndingatsutse chiyani?" anatero Namwino.

Mlonda analowa m'mulu wa Nasingano. Iye anadziuza kuti wangobwereka, ndiponso kuti pa mpikisano wa anthu ambiri chonchi awiriwo sangakumane. Bodza lodzinamiza wekha ndi lokoma, silisowa mboni.

Tsopano anali atakumana. Kawiri konse m'masewerawa Nasingano anaona pamene Mlonda akanamupulumutsa mng'ono wake, ndipo kawiri konse anamumenya pomwepo, manyazi akumudya. Komabe Namwino analimbikira mpaka mphamvu zinakwana. Anaika Chinjoka pa tebulo.

"Ndikuukira ndi zonse."

Nasingano anawerengera msanga. Akapanda kutchinga, wagonja. Akatchinga ndi Mlonda, Namwino atsala pambalambanda, ndipo tizilombo tiwiri ta Nasingano timumaliza. Njira yothawira anaiona bwinobwino: agonje mwakachetechete, kenako akabwezeretse khadilo m'chikwama cha mng'ono wake, nkhani ithere pomwepo.

"Ndilibe chotchinga," anatero, akutsitsa makadi ake chafufumimba.

"Muikeni, achemwali."

Namwino ananena motsitsa mawu, maso ali pa chala cha mkulu wake chosisita khadi chija.

"Ndiike chiyani?"

"Mlonda wanga. Galasi lanu loyesera zovala lija limaonetsa tebulo lonse. Ndinaona pamene munamulowetsa."

Nasingano anakweza maso. "Nanga bwanji sunanene?"

"Ndimadikira kuti munene ndinu. Dzulo ndinadikira. M'mawa uja tikulembetsa ndinadikiranso." Namwino anawongola khadi la Chinjoka ndi chala. "Khadi munandilanda kale. Musandilandenso masewera. Kupambana kochita kupatsidwa ine ayi."

Nasingano anatembenuza Mlonda. Chinjoka chinaima. Tizilombo tiwiri tija tinamaliza ntchito. Anthu amene anazungulira tebulo anaomba m'manja, mwini shopu n'kulemba dzina la Nasingano pa bolodi, koma iye ankangolakalaka pansi patang'ambika.

Namwino anasonkhanitsa makadi ake mwadongosolo, nasiya Chinjoka pakati pa tebulo. Nasingano anamutambasulira Mlonda ndi manja awiri.

"Ndakulakwira, mng'ono wanga. Tenga."

"Pitani naye, akakutetezeni ku mpikisano waukuluko. Ndi khadi labwino, inunso mukudziwa." Namwino anakoleka chikwama paphewa. "Mukanangondipempha, achemwali, ndikanakupatsani. Ndikanakuperekezaninso."

Anayang'ana wotchi, nati odwala akumudikira.

Nasingano anatsala pampando, nkhalamba ija ikumuunika ndi nyali yake. Khadi lotchinga chilichonse linali m'manja mwake, koma ichi silikanatha kuchitchinga. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Zoona, koma fupa limathyoka, ndipo wodziwa kulilumikiza anali atatuluka kale pakhomo.