Mphika wa Ubatizo

Gervazio adathira chitsulo chosungunuka m'chikombole cha mchenga, nakwirira bwinobwino ndi phulusa lotentha. Mphikawo unali wophikira nyemba pa ubatizo wa mwana wake Tisunge, Lamulungu ku Bembeke. Mapisitoni a lole yakufa omwe adasungunulawo adakawatenga ku boma wapansi, khadi la chipani lili m'thumba poti masiku amenewo wopanda khadi sankaloledwa kudutsa.

"Pasapezeke wokhudzapo mpaka mawa," adauza mkazi wake Magadalena. "Chitsulo chimafuna kuzizira mwakachetechete. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Apongozi ake, a Dorika, adali pakhonde. Mwa mwambo salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho mawu onse oluma ankadzera mwa mwana wawo.

"Uwauze amuna akowo kuti alongo anga a ku Lobi afika madzulo ano. Ndiwaonetsa chiyani, dothi? Zaka ziwiri pamudzi pano, khasu sadziwa, koma kupemerera moto. Mphikawu ukakanika, atenge mvukuto wawo azipita."

Gervazio adapita kukatema nkhuni kuphiri. Pobwera adapeza mphika uli pabwalo, ukung'anima, alendo akuuyamikira. A Dorika adati udazizira wokha ndi chisanu cha Juni. Mtima wa Gervazio udamyuka, koma mkamwini satsutsa apongozi pagulu.

Lamulungu, anthu atachoka kutchalitchi, mphika udakhala pamafuwa. Nyemba zitangoyamba kubwadamuka, kudamveka kuti thee. Mng'alu udatsika kuchokera kukamwa mpaka pansi, msuzi udazimitsa moto, nyemba zonse zili mbwee m'phulusa. Anthu adaseka, ndipo kuseka kwa anthu anjala kumapweteka.

"Si ndinanena?" adatero a Dorika, akuyang'ana mwana wawo. "Amisiri a pakamwa."

Gervazio adatola chibenthu, nachiyang'anitsitsa pomwe chidathyokera. M'mphepete chitsulo chidali chosalala ngati ufa woyera, koma m'kati munali timibulu tokhakhala ngati misere. Izi adaziona kale kwa malume ake omwe adamuphunzitsa ntchito: kunja kukauma mwadzidzidzi m'kati mukadali mofewa, chitsulo chimakokana chokha n'kubisa mng'alu. Chisanu sichichita zimenezo. Ndi madzi.

Adamupeza Magadalena kuseri kwa nkhokwe, mwana ali kumsana.

"Adathira madzi ndani?"

Mkaziyo adayang'ana pansi. "Amayi anati nditunge ndowa ziwiri."

"Kanene pamaso pa amalume ako. Mawu ako okha andisunga pamudzi pano."

Amalume a ku Lobi aja ataitana onse pabwalo, adafunsa Magadalena ngati alipo amene adaukhudza mphika. Iye adayang'ana amayi ake, nayang'ananso mwamuna wake.

"Palibe," adatero.

Gervazio adamanga mvukuto panjinga, chibenthu chija nachiika m'thumba momwe munali khadi. Atatambasula manja kuti anyamuleko Tisunge komaliza, a Dorika adam'masula mwanayo kumsana kwa amake, nalowa naye m'nyumba.

"Uwauze," adatero ali m'katimo, "mwana ndi wa kuno."